Mwini Nthenda Ndani?

Kapepala kopinda

M'mudzi wina wa m'chigawo cha pakati muli mmisiri wa matabwa amene anayamba kuphunzira kuwerenga imvi zitatuluka kale m'mutu mwake. Usana analikupala zitseko ndi mipando, ndipo dzuwa likapendeka analikupita ku sukulu ya kwacha pamodzi ndi akulu anzake. Itapita miyezi ingapo, njala ya kuwerenga inamgwira kolimba, kotero kuti sanalole chinthu cholembedwa kumpitirira. Analikuwerenga matumba a feteleza, mapepala okulungira sopo ndi maina olembedwa pa magalimoto.

Tsiku lina mvula inamtsekereza m'nyumba ya mlongo wake. Posowa chochita, anatola kabuku ka ku chipatala ka mwana wa mlongo wakeyo, nayamba kutembenuza masamba ake. Zolemba za adokotala zinamkanika, pakuti zinali za Chingerezi ndiponso zolembedwa mofulumira. Koma pakati pa kabukuko panagwa kapepala kopinda, kong'ambidwa m'kope la ku sukulu. Malemba ake anali aakulu ndi ooneka bwino. Mmisiri anaika chala pansi pa lemba loyamba, nawerenga pang'onopang'ono monga anamphunzitsira:

"Mwana anakomoka kawiri usiku. Sayamwa. Alikusanza zonse. Ine sindimva. Chonde lembani."

Anawerenga mau amenewa katatu. Pamenepo anazindikira dzanja limene linawalemba, nakumbukiranso tsiku limene analembedwa. Manyazi anamgwira, chifukwa pa masiku amenewo iye anaweruza mlongo wake mlandu umene sanaumve. Kuti nkhaniyi imveke bwino, iyenera kuyambira kumbuyo.

Mmene makutu anatsekekera

Mlongo wa mmisiriyo anabadwa wakumva ngati ana ena onse. Ali ndi zaka zisanu anadwala nthenda yoopsa. Thupi linatentha, khosi linauma, ndipo anagona m'chipatala masiku ambiri. Anachira ndithu, koma atabwerera kumudzi amake anaona chinthu chachilendo. Akamuitana ali chofulatira, mwana sanali kucheuka. Mbale ikagwa pambuyo pake, sanali kudzidzimuka. Nthenda youmitsa khosi inali itaononga m'kati mwa makutu ake onse awiri. Mau amene anawadziwa kale anayamba kumthawa pang'onopang'ono, pakuti mwana asunga mau amene alikuwamva tsiku ndi tsiku.

Anthu a m'mudzi ananena zambiri. Ena anati ndi ufiti, ena anati makolo analakwa mwambo. Koma a chipatala adziwa bwino zimene zitseka makutu. Zina mwa izo ndi nthenda youmitsa khosi, chikuku, malungo aakulu ogwira ubongo, ndi mafinya otuluka m'khutu nthawi yaitali osachiritsidwa. Mai akadwala nthenda yotchedwa rubella ali ndi pakati, mwana akhoza kubadwa wosamva. Mankhwala ena amphamvu aononganso makutu, makamaka akaperekedwa mopitirira muyeso. Ena abadwa chomwecho mwa mtundu wao, ndipo ena makutu awathera ndi ukalamba kapena ndi phokoso la makina.

Anthu otere sali owerengeka. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linalengeza mu 2021 kuti anthu 430 miliyoni ali ndi bvuto la kumva lofuna chithandizo, ndiko kunena anthu oposa 5 mwa anthu 100 ali onse. Linanenanso kuti mwa ana 10 a bvuto limeneli, pafupifupi 6 analipeza chifukwa cha zinthu zokhoza kupewedwa. Nchifukwa chake katemera wa chikuku ndi rubella ali wofunika, ndipo khutu la mwana likatuluka mafinya liyenera kukaonedwa msanga ku chipatala, osathiramo zam'tchire.

Mtsikana uja anakula alikutchedwa gonthi, ndipo ena osaganiza anamuyesa chitsiru. Mwai wake unali wakuti mphunzitsi wina anauza makolo ake za masukulu a ana osamva. M'Malawi muli masukulu otere, monga Maryview ku Nguludi, Mountain View ku Bvumbwe, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba. Ku imodzi mwa sukulu zimenezi mtsikanayo anaphunzira kulemba, kuwerenga ndi kusoka. Kwa ana anzake anaphunzira chinenero cha manja. Anabwerera kumudzi ali ndi chinenero chimene panalibe mbale wake ndi mmodzi yemwe wochidziwa. Pambuyo pake anakwatiwa ndi telala wina, wosamva mnzake, amene anadziwana naye ku sukulu komweko.

Pakamwa pa mlongo wake

Makolo atamwalira, mmisiri anakhala mwini mbumba. Anamkonda mlongo wake, ndipo anayesa kuti ndi udindo wake kumlankhulira pali ponse. Mlongoyo akadwala, mmisiri analikusiya nchito, nabvala malaya ake abwino, namperekeza ku chipatala.

M'chipinda cha adokotala zinthu zinalikuyenda motere. Adokotala analikuyang'ana mmisiri, nafunsa kuti, "Kodi amaiwa abvutika ndi chiani?" Mmisiri analikucheukira mlongo wake, naona pamene waika dzanja, nayankha kuti, "M'mimba, adokotala." Akafunsidwa kuti zinayamba liti, analikungoyerekeza, nati, "Dzana." Akafunsidwa ngati ululu uli wobaya kapena wopotokola, analikusankha yankho limene linamfikira msanga pakamwa. Iye ndi mlongo wake anali ndi zizindikiro zochepa za pakhomo, zonena za chakudya, madzi, kumunda ndi kugona. Zizindikiro zimenezo sizinakwane kufotokoza nthenda. Chotero adokotala analikuchiritsa nthenda ya m'maganizo a mmisiri, pamene mwini thupi anakhala pambali ngati mlendo pa mlandu wa eni.

Panalinso zina zobvuta koposa. Pa mwambo wa kwao, mkazi sanena za kumwezi kapena za pakati pamaso pa mlongo wake wamwamuna. Tsono mai uja akadwala nthenda ya chikazi analikuloza mutu, nalandira mankhwala a mutu, nabwerera kumudzi ndi nthenda yake. Atatenga pakati anapita ku sikelo ndi mai wina woyandikana naye nyumba. Tsiku loyeza magazi, zotsatira zinauzidwa kwa woperekezayo. Zinali zabwino, koma dzuwa lisanalowe akazi onse a pa chitsime anazidziwa. Munthu wakumva akalowa m'chipinda cha adokotala atseka chitseko, ndipo chinsinsi chake chitsala momwemo. Wosamva alowa ndi munthu wachitatu, amene nthawi zambiri sanamsankhe yekha.

Chodabwitsa ndi ichi, kuti pa anthu awiriwo wodziwa kulemba anali mlongoyo. Mmisiri pa nthawi imeneyo sanadziwe ndi lemba limodzi lomwe. Koma popeza iye anali ndi makutu ndi pakamwa, onse anamuyesa wanzeru pa awiriwo, ndipo iye mwini anabvomereza.

Tsiku la malungo

Zinachitika m'masiku a mliri wa Covid-19, umene unafika m'Malawi mu 2020, pamene anthu analamulidwa kubvala nsalu yophimba mphuno ndi pakamwa. Mmisiri anali kumudzi wina wakutali, kukhoma denga la nyumba. Telala uja anali atapita ku boma kukagula nsalu. Usiku mwana wao, wa chaka chimodzi ndi theka, anatentha thupi, nakomoka kawiri. Mai wake sanagone. Tambala asanalire anang'amba tsamba m'kope, nalemba mau aja, nabereka mwana, nayamba ulendo wa pansi.

Anafika ku chipatala chaching'ono cha m'deralo anthu asanachuluke. Anapereka kabuku ka mwana, nakhala pa benchi. Itakwana nthawi, wanchito anaima pakhomo, naitana dzina la mwanayo. Anaitana kachiwiri, naitananso kachitatu. Posamva woyankha, anaika kabuku pansi pa timabuku tina, naitana wina. Mai uja analikuyang'ana nkhope ya woitanayo ndi maso onse, koma pakamwa pake panali pophimbidwa. Masiku ena akadayesa kuzindikira dzina pa milomo, ngakhale kuwerenga milomo kuli kobvuta ndipo mau ambiri afanana pakamwa. Tsiku limenelo ngakhale kanjira kakang'ono kameneko kanali kotsekedwa. Anaona anthu obwera pambuyo pake alikulowa ndi kutuluka. Dzuwa linafika pamutu mwana alikulefuka kumsana.

Potsiriza gogo wina anaona kuti maiyu wakhalitsa, namgwira dzanja, napita naye pakhomo. Adokotala anali otopa, ndipo mzere unali ukadali wautali. Anagwira thupi la mwana, natumiza kukayeza magazi, ndipo malungo anapezeka. Mai anatambasula kapepala kake. Adokotala anakweza dzanja monga kunena kuti dikirani, nalemba m'kabuku, naloza ku zenera la mankhwala. Pa zenera anampatsa mankhwala a malungo otchedwa LA, akumwa kawiri pa tsiku masiku atatu. Wopereka mankhwala ananena mau ambiri kuseri kwa nsalu yake, ndipo mai anagwedeza mutu. Anthu osamva ambiri agwedeza mutu chomwecho chifukwa cha manyazi, poopa kuchedwetsa mzere, ndipo wolankhulayo ayesa kuti zamveka. Mai anapinda kapepala kake, nakaika m'kabuku, nabwerera kumudzi.

Mau a pa kapepalako anali olemera koposa chiri chonse chimene adokotala anaona ndi maso. Kukomoka, kukana kuyamwa ndi kusanza zonse ndizo zizindikiro zoopsa pa mwana wodwala. Mwana wotere sapatsidwa mapiritsi oti akamwere kunyumba. Ayenera kubayidwa jakisoni nthawi yomweyo ndi kutumizidwa ku chipatala chogoneka odwala. Adokotala aja anadziwa zimenezi bwino lomwe. Chimene sanadziwe ndi zimene zinachitika usiku, ndipo munthu mmodzi yekha wozidziwa sanafunsidwe.

Kunyumba mwana anasanza mankhwala onse. M'mawa mwake mmisiri anabwera, napeza mwana ali lefu, maso atatembenuka. Anamtenga pa njinga ya moto kunka naye ku chipatala chachikulu, kumene anambaya majakisoni a malungo aakulu, namgoneka masiku asanu. Mwana anapulumuka. Koma namwino wina anafunsa kuti, "Munachedweranji ndi mwana wotere?" Mau amenewo anamlasa mmisiri. Atabwerera kumudzi anaima pa bwalo, nakalipira mlongo wake pamaso pa anthu, alikumloza ndi chala. Anauza achibale kuti munthu wosamva sakhoza kulera mwana yekha. Mlongoyo sanamve mau, koma nkhope anaiwerenga. Kuyambira tsiku limenelo analikumpatsa ulemu monga kale, koma analeka kumsekerera.

Kukambirana koyamba

Zaka zinapita kapepala kali m'kabuku, kufikira tsiku lija la mvula. Mmisiri atatha kuwerenga, anapita kukhichini kumene mlongo wake analikusonkha moto, namuonetsa kapepalako. Mlongoyo anakayang'ana, nayang'ana mbale wake, osachita kanthu. Pamenepo mmisiri anatulutsa pensulo yake ya ku nchito, nalemba kuseri kwa kapepala ndi malemba okhota a munthu woyamba kumene: "Ndinalakwa. Pepani."

Mlongo anapukuta manja, natenga kope, nakhala pansi. Analemba kuti, "Achimwene, kodi tsopano mudziwa kuwerenga?" Iye anagwedeza mutu. Tsono mlongoyo analemba masamba atatu, ndipo mmisiri anawawerenga kufikira mdima. M'menemo munali nkhani ya dzina loitanidwa katatu, ya mankhwala a mutu amene analandira mutu usanamuwawe, ndi ya chinsinsi chake chimene chinafika ku chitsime. Munalinso mau awa: "Inu munalikuyankha msanga. Simunandifunse."

Anthu awiriwa anabadwa m'mimba imodzi, nakhala m'mudzi umodzi zaka zoposa makumi atatu, koma uku kunali kukambirana kwao koyamba. Akale anati, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mmisiri anaona kuti zaka zonsezo iye anaima pa chitseko cha mnzake, nayesa kuti alikuthandiza.

Mlendo pakati pa osamva

Patapita masabata angapo, mlamu wake uja telala anamtenga kunka naye ku boma, kumene anthu osamva a m'deralo analikusonkhana. Mmisiri analowa m'chipinda modzaza anthu, koma munalibe phokoso. Manja analikuyenda mofulumira, nkhope zinalikusintha, ndipo mwadzidzidzi onse analikuseka pamodzi. Iye yekha sanadziwe choseketsa. Wina akamuyang'ana ndi kumfunsa kanthu ndi manja, analikungogwedeza mutu. Atachita chomwecho kachitatu, anakumbukira mlongo wake pa zenera la mankhwala.

Pa msonkhanowo panali mai wina wakumva, wodziwa kumasulira, amene anamfotokozera zambiri. Chinenero cha manja ndi chinenero chathunthu, chokhala ndi mau ake ndi malamulo ake. Munthu akhoza kuphunzitsa nacho, kutsutsana nacho, ndi kufotokoza nacho nthenda mwatsatanetsatane. Sichiri chimodzi pa dziko lonse. Cha ku Malawi chisiyana ndi cha ku Britain, monga Chichewa chisiyana ndi Chingerezi. Anthu osamva a m'dziko muno ali ndi bungwe lao, lotchedwa Malawi National Association of the Deaf, kapena MANAD mwachidule, limene lilimbikitsa chinenero chimenechi. Tsiku la 23 September chaka ndi chaka ndilo tsiku lokumbukira zinenero za manja pa dziko lonse.

Anamuuzanso za malamulo. Mu 2006 bungwe la United Nations linapanga pangano la ufulu wa anthu olumala, ndipo dziko la Malawi linalibvomereza mu 2009. Panganolo linena kuti munthu wolumala ayenera kulandira chithandizo cha chipatala chofanana ndi cha ena, ndi kuti achiritsidwe atamvetsa ndi kubvomera yekha. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inakhazikitsa lamulo la anthu olumala, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano. Chotero wosamva akapempha kuti amfotokozere m'njira imene iye angamve, sapempha chifundo. Apempha chinthu chake.

Mmisiri anafunsa kuti, "Nanga kulemba sikukwana kodi?" Womasulira anayankha kuti kulemba kuthandiza, koma kuli ndi malire. Osamva ambiri a m'midzi sanapite ku sukulu. Ena anapita, koma Chichewa ndi Chingerezi cholembedwa chiri kwa iwo ngati chinenero chachiwiri, chimene sanachimvepo ndi khutu. Nkhani yaitali ndi yolemera, monga ya opareshoni kapena ya mankhwala akumwa moyo wonse, ifuna womasulira wophunzira bwino ndi wosunga chinsinsi. Anthu otere ndi ochepa, ndipo ambiri a iwo akhala m'mizinda. Ngakhale uphungu wa zaumoyo umene uperekedwa pa wailesi, kapena m'nyimbo za ku sikelo, umpitirira munthu wosamva ngati mphepo.

Pamaso pa komiti

Chipatala chaching'ono chija chinali ndi komiti ya anthu osankhidwa m'midzi, yotenga madandaulo a odwala. Mmisiri ndi mlongo wake anapita kwa amfumu, ndipo amfumu anawapezera malo pa msonkhano wa komitiyo. Usiku wake mlongo analemba zimene anafuna kunena. Anapangana kuti mmisiri awerenge zolembedwazo zokha, osaonjezapo ndi liu limodzi la iye mwini.

Anaimirira manja alikunjenjemera, pakuti sanawerengepo pamaso pa anthu. Anawerenga motere:

"Zikomo amfumu, adokotala ndi akulu nonse. Ine sindimva, koma ndiona ndipo ndiganiza. Ndipempha zinthu izi. Poitana odwala, pakhale nambala yooneka ndi maso. Polankhula nane, yang'anani ine, musayang'ane wondiperekeza. Nkhope yanu ikhale poyera, ndipo musapfuule, pakuti kupfuula kungopotoza milomo. Ndikakupatsani pepala, werengani. Pondipatsa mankhwala, lembani kapena jambulani dzuwa ndi mwezi, ndipo mundiuze ndikuonetseni mmene ndidzamwera, kuti mudziwe ngati ndamvetsa. Ndikagwedeza mutu musakhulupirire msanga. Wondimasulira ndisankhe ndekha, ndipo asakhale mwana wanga. Pa nkhani za chinsinsi mundifunse poyamba ngati ndifuna kuti woperekeza atuluke."

Atatha, anaonetsa kapepala kakale kaja, nafotokoza mbiri yake. Anthu anakhala chete. Adokotala a tsiku lija anali atasamuka kale, ndipo amene analipo anayankha mosabisa. Anati, "Amai awa anena zoona. Koma taonani, pano ndiri ndekha ndi namwino mmodzi, ndipo mzere ufika pa mtengo uja tsiku liri lonse. Chinenero cha manja sindichidziwa. Womasulira ndimtenga kuti, ndipo adzamlipira ndani?"

Mau amenewa anali oona, ndipo panalibe wowatsutsa. Mkulu wina wa komiti anati osamva ndi ochepa, ndipo chipatala chiri ndi mabvuto aakulu oposa amenewa. Koma gogo wina wamwamuna anaimirira ndi ndodo yake, nati, "Ine ndinabadwa wakumva. Chaka chatha dzina langa linaitanidwa pano, ndipo ndinadziwa mdzukulu wanga atandigwedeza. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe." Anthu anaseka, koma anamva.

Tsono anagawa zopemphazo pawiri, zofuna ndalama ndi zosafuna ndalama. Za womasulira analembera kalata akulu a zaumoyo ku boma. Zotsalazo anati ayambe okha. Mmisiri anatenga zidutswa za matabwa zotsala ku nchito yake, nazipala, nalembapo manambala kuyambira 1 kufikira 60 ndi utoto wakuda. Wodwala ali yense pofika alandira kathabwa kake, ndipo woitana atchula dzina ndi kukwezanso nambala m'mwamba. Pa chikuto cha kabuku kake mai uja analemba yekha ndi malemba aakulu kuti, "SINDIMVA. NDILEMBERENI KAPENA NDIONETSENI." Lachisanu liri lonse masana, odwala atachepa, iye ndi mwamuna wake anayamba kuphunzitsa namwino ndi mlangizi wa zaumoyo zizindikiro za manja: kuwawa, kutentha thupi, kusanza, kutsekula m'mimba, pakati, usiku, m'mawa, masiku angati. Mmisiri analikukhala nao pa benchi lomwelo ngati wophunzira, ndipo namwino anampambana msanga.

Zimene zatsala

Si zonse zinakonzeka. Womasulira sanabwere. Masiku ena woitana aiwala kukweza nambala, ndipo timatabwa tina tinatayika, kotero kuti mmisiri anapalanso tina. Namwino wodziwa zizindikiro akadzasamutsidwa, kuphunzitsa kudzayambanso pachiyambi. Kumudzi wa tsidya la mtsinje kuli mnyamata wosamva amene sanapitepo ku sukulu, wosadziwa kulemba ngakhale chinenero cha manja, ndipo iye timatabwa timthandiza kulowa pakhomo pokha. Kuti anthu onga iye athandizidwe mokwanira, pafunika kuti ana osamva apite ku sukulu ali ang'ono, kuti anamwino ndi madokotala aphunzire chinenero cha manja pa maphunziro ao, ndi kuti boma lilembe nchito omasulira m'zipatala. Imeneyo ndi ngongole imene malamulo aja analonjeza kubweza.

Koma wowerenga amene ali ndi mbale wosamva, kapena mnansi wosamva, asayembekeze zonsezo. Akamperekeza ku chipatala, ayambe wamfunsa bwino kunyumba, mosafulumira, chimene chimbvuta. Pamaso pa adokotala anene zokhazo zimene wodwala wanena, ndipo pamene sadziwa anene kuti, "Sindidziwa, tiyeni timfunse." Zimene wamva m'chipindamo azisiye momwemo. Akaona munthu wakhalitsa pa benchi alikuyang'ana nkhope za anthu, amkhudze pa phewa monga anachitira gogo uja. Ndipo amene waphunzira kulemba tsopano, adziwe kuti pensulo yake ikhoza kutsekula khomo limene linatsekeka zaka zambiri m'nyumba mwake momwe.

Chaka chotsatira mlongo wa mmisiri anadwalanso. Mmisiri anabvala malaya ake abwino monga kale, namperekeza, mwana uja wa malungo alikuthamanga patsogolo pao. Pofika analandira kathabwa ka nambala 14. Nambala itakwezedwa, mai anaimirira yekha, natenga kope lake ndi pensulo, nalowa. Namwino anamlonjera ndi manja, natseka chitseko.

Mmisiri anakhala pansi pa mtengo, nayamba kuwerenga chipepala cha katemera chokhomedwa pa khoma. Mwana anamkoka malaya, nafunsa kuti, "Amalume, inu simulowa kodi?"

Iye anayankha kuti, "Iai, mwanawe. Mwini nthenda walowa kale."

Anadikira nthawi yaitali ndithu. Mlongo wake atatuluka ndi mankhwala m'manja, mmisiri sanafunse chimene chinanenedwa m'katimo. Anangokweza manja ake olimba ndi nchito, nafunsa ndi chizindikiro chimene anachiphunzira Lachisanu lapitalo ngati zonse ziri bwino. Anachilakwitsa pang'ono. Mlongo wake anaseka, namgwira zala, nazikonza.